Mzinga Wotsata Maso

M'shedi ya ndege ku São José dos Campos, injiniya Jurandir anali pa mpando wakutsogolo wa helikopita yankhondo yomwe ankapanga, atavala chisoti cholamulira mzinga: kumene iye wayang'ana, mzinga wa kunsi kwa ndegeyo unkaloza komweko. Ndiye kunatulukira a Belarmino, mkulu wa asilikali woti avomereze ntchitoyo kapena aithetse, kakapu ka khofi kali m'manja, n'kudzaima kutsogolo kwenikweni.

Jurandir anatembenuzira nkhope kukhoma. Mzinga nawo, nyeee, kukhoma.

"Iwe! Ndafika ine."

"Nsapato ndazimva, bwana."

"Nanga ukulonjera khoma?"

"Khomalo silifa, bwana."

"Ati chiyani? Ndikamalankhula munthu amandiyang'ana!"

"Munthu inde. Koma panopa tilipo awiri, ine ndi..."

"Khala chete! Za masamu akozo ukauze amayi ako."

A Belarmino anasunthira kumanja kuti amupeze maso. Jurandir anathawitsira mutu kumanzere. Nyeee.

"Taonani zinthu zake! Zaka zonsezi mukudya za boma, n'kutipangira mfuti yoopa munthu? Ine kuno, iyo uko!"

"Ikugwira bwino kwambiri, bwana."

"Bwino? Mdani akabwera izichita manyazi ngati mkwatibwi?"

"Mdani ndingamuyang'ane, bwana."

"Aaa! Mdani ungamuyang'ane, ine ayi? Ndine wochepa kwa mdani?"

"Ayi ndithu. M'lifupi mukumuposa."

Khofi anatayikira pa mamendulo a mkuluyo. Jurandir anangomva kudontha, kuona sanaone.

"Tamvera, kamnyamata iwe. Ukapanda kundiyang'ana pompano, chindege chako ndichigulitsa kwa osula mapoto, ndipo iwe uzikagulitsa nzimbe pamsika. Ndalamula!"

Unyamata wonse wa Jurandir unathera m'shedi imeneyi, ngakhale chibwenzi chinamusiya chifukwa cha chisoti chomwechi.

"M'maso, bwana?"

"M'maso mwenimweni!"

Anatembenuka pang'onopang'ono. Nyeeeee. Mzinga unadzaima pamphuno pa a Belarmino, bowo lake lakuda bii.



"Ka... kanthu aka kakutani?"

"Kakukuyang'anani, bwana. Mwaulemu."

"Mulibe kanthu m'menemo, eti?"

"Muli zipolopolo zenizeni. Munalamula nokha dzana, munati zoseweretsa ndi za ana."

"Sungawombe wokha?"

"Ayi, mpaka nditadina batani ili."

"Chala chako chili pati?"

"Pambali pake. Kungoti chikunjenjemera, bwana. Ndi nkhani ya nzimbe ija."

A Belarmino anawerama. Jurandir, pomvera lamulo, anawatsata ndi maso. Nyeee. Mkuluyo anakwawira kuseri kwa mgolo wa mafuta. Nyeee.

"Ntchito ndaivomera! Ndege yabwino! Yokongola!"

"Zikomo, bwana. Ndipitirize kukuyang'anani?"

Mawu anachokera kuseri kwa mgolo, opyapyala ngati a mwana.

"Mwana wopanda mwambo iwe, anakulera ndani? Akuluakulu sayang'anidwa m'maso!"