Kamba wa Zikhadabo Zinayi

Ine, amene anzanga amanditcha Chigoba, wazaka 58, wokhala m'nyumba za antchito kuseri kwa malo osungira nyama, wosamalira akamba, ndikunena izi kwa apolisi:

Timasunga akamba amitundu iwiri. M'mabuku ali banja limodzi, ndipo pamaso amafanana ngati mapasa. Ena ali ndi zikhadabo zisanu kumiyendo yakutsogolo. Amenewo ali mbwee, khola lawo lili ndi chikwangwani chobiriwira, ndipo lamulo limalola kuwagulitsa. Ena ali ndi zikhadabo zinayi, chikwangwani chawo n'chofiira chifukwa atsala pang'ono kutheratu. Tinali nawo awiri basi, wamkazi ndi wamwamuna. Ndawadyetsa zaka 19.

Lolemba cha m'ma 9 koloko m'mawa, abwana atsopano anabwera kukhola. Anati, "Madala, ine ndimangoona miyala yoyenda. Mumawasiyanitsa bwanji?" Ine kupusa, ndinakondwa kuti mwana wasukulu akufuna nzeru. Ndinanyamula wamkazi uja n'kuwawerengetsa zikhadabo. Ndinawauzanso kuti ali ndi mazira m'mimba.

Lachitatu 2 koloko masana anandituma kukathyola masamba kumunda, mtunda wa mamita 300. Anati makiyi a makola ndisiye patebulo. Pobwerera ndinaona galimoto yoyera ikutuluka pageti, kumbuyo kuli bokosi la timabowo. Mlonda anandionetsa chikalata: kamba mmodzi, wa gulu lobiriwira, abwana atasainira.

Ndinathamangira kukhola lofiira. Munali akamba awiri ndithu. Ndinanyamula wamkazi n'kuwerenga. Zisanu! Kukhola lobiriwira kunali kutasowa mmodzi.

Nditawafunsa abwana, anati, "Kamba ndi kamba, madala. Si banja limodzi?" Ndinayankha kuti, "Inunso ndi achimwene anu ndinu banja limodzi. Tikakusinthani, akazi anu angavomere?" Lachinayi ndinalandira kalata yondiimitsa ntchito. Akuti ndakalamba, maso anga asokoneza makola.

Maso anga alibe vuto, bwana wapolisi. Mukalipeza bokosi lija, musawerenge chikalata, muwerenge zikhadabo. Wamwamuna watsala yekha, ndipo mazira apita ndi mayi wake.

Lembani ichinso, ngakhale chikundiwawa. Pamalo onse aja, wodziwa kamba woyenera kuba ndinali ine ndekha, mpaka Lolemba lija pamene ndinaphunzitsa wina ndi manja angawa.

Zomwe ndikudziwa ndi zimenezi basi.

Wosaina: ....................