Mkazi wa Mufoni ya Jobu

Loweruka lokaonekera kwa makolo a bwenzi lake Vimbai ku Kadoma, Jobu anakwera kombi pa Chegutu ndi amalume ake, a Sitefano, amene anawasankha kukhala nkhoswe yake. Jobu ntchito yake inali yopanga magemu a pafoni ndi kulemba nkhani zake, pomwe amalumewo anakalambira mumgodi, ndipo mawu alionse ankawameza momwe abwerera, osasenda.

"Ndiye akandifunsa ntchito yako, ndikati amakonza makompyuta," anatero a Sitefano, akukonza kolala ya jekete.

"Sindikonza makompyuta, amalume. Mukati amapanga magemu."

"Magemu n'chiyani? Mankhwala?"

"Masewera."

"Aikona, ayi! Ndikaime pamaso pa eni mwana, tayi ili pakhosi, n'kunena kuti mphwangayu ndi wamasewera?"

"Si wamasewera. Wopanga masewera."

"Ndiye zanyanyiratu. Anzako amangosewera, iwe ndiwe fakitale yake."

Jobu anapumira m'mwamba. Iye anayamba kujambula tianthu kuseri kwa makatoni a sopo ali mwana, n'kudziphunzitsa yekha pa kompyuta yobwereka, ndipo anakana ntchito ya m'shopu ku Harare kuti azipanga zake. Sakanalola kuti zonsezo zikwiriridwe ndi bodza limodzi.

"Mvetserani bwino. Panopa ndikumalizitsa mgodi wa golide."

A Sitefano anatembenuka thupi lonse, mpaka mayi amene anakhala pambali pawo anapanikizika pawindo.

"Mgodi! Mwana wa mlongo wanga ali ndi mgodi, ine n'kumadya sadza ya masamba? Uli kuti? Ku Chakari?"

"Uli mufoni."

"Mapepala ake?"

"Mgodi weniweniwo."

"Hmm. Mumalowa anthu?"

"Ambirimbiri. Ena a ku Harare, ena a ku Bulawayo, ena a kunja."

"Umawapatsa zipewa?"

"Zipewa amazipeza okha akafika pa gawo lachiwiri."

"Nanga gawo loyamba amayenda mitu ili pamtunda? Sanavulalepo munthu?"

"Amafa tsiku lililonse."

"Amatani?"

"Amafa. Pa gawo lachinayi denga limagwa. Ndinachita dala."

"Dala!"

"Likapanda kugwa anthu amadandaula kuti sizikukoma."

Mayi wa pawindo uja anakokera chikwama chake pachifuwa. A Sitefano anatsitsa mawu.

"Jobu, maliro onsewo amaika ndani?"

"Palibe maliro. Munthu aliyense ndimamupatsa miyoyo itatu."

"Iwe? Umagawa miyoyo? Bambo ako anamwalira ndi umodzi womwewo iwe uli ndi ina m'thumba?"

"Si choncho, amalume! Ndi nkhani chabe. Zonsezi zimazungulira pa Esime."

"Esime ndani?"

"Mkazi wa mumgodimo. Ndalimbana naye zaka zitatu. Ndimagona ndikumuganiza, ndimadzuka ndikumuganiza."

A Sitefano anavula chipewa n'kuchiika pabondo pang'onopang'ono.

"Tikupita kukapempha Vimbai."

"Inde."

"Koma umagona ukuganiza Esime."

"Inde."

"Vimbai akudziwa?"

"Kwambiri. Diresi ya Esime anasankha ndi iyeyo."

"Maiwe! Mitala yogwirizana chonchi sindinaionepo. Kwawo kwa Esime n'kuti? Makolo ake ndani?"

"Alibe kwawo, alibe makolo. Ndinamupanga ndine."

"Ndiye ndi mwana wako."

"Tinganene choncho."

"Usanene kuti tinganene! Ndikanena ndine! Ndikawauze kuti uli ndi mkazi kapena uli ndi mwana?"

"Mukawauze kuti ndili ndi gemu."

"Amakhala kuti mayiyu?"

"Ndanena kale, mufoni. Kungoti sabata ino wandivutitsa. Wayamba kudutsa pakhoma."

"Pakhomo?"

"Pakhoma. Ndikamutsekera m'chipinda, amangotulukira mbali inayo. China chake ndinalakwitsa."

Bambo wina wa mpando wakutsogolo anayamba kung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi. A Sitefano anasendera kumbali, koma mukombi munalibe kosendera.

"Unapita naye kwa abusa?"

"Ndimukonza ndekha Lolemba. Ndiyenera kufulumira, chifukwa mwezi wamawa ndimupha."

Ngakhale hwindi, mnyamata woitanira anthu uja, anabweza mutu wake kuchokera pawindo.

"Bwereza," ananong'ona a Sitefano.

"Ndimupha. Pamapeto penipeni, akangopeza golide."

"Mphwanga, mayi ako anakulera bwino. Mulekere mwana wa eni. Ngati wakutopetsa, mupatse mari ya basi azipita."

"Anzanga a kuntchito andichondereranso chimodzimodzi. Ndakana. Esime akapanda kufa, nkhani yonse ilibe mchere."

"Mchere! Ukufuna kuphera munthu mchere?"

"Anthu akalire, amalume. Akalira ndiye kuti ndagwira ntchito."

"Basopo! Tseka pakamwa, apolisi awo!"

Kombi inaima pa chipata cha apolisi cha pamsewu. Wapolisi anasuzumira mkati, ndipo a Sitefano anamumwetulira mano onse, dzanja lawo litatseka pakamwa pa Jobu. Kombi itanyamukanso, Jobu anachotsa dzanjalo, natulutsa foni mokwiya.

"Taonani nokha! Uyu ndiye Esime!"

Pagalasi panaoneka kamkazi kovala diresi yachikasu, nyali ili pamphumi, kakuponda apa ndi apo mumdima. A Sitefano anayang'anitsitsa, nayang'ananso kuseri kwa foniyo.

"Wamuchepetsa chonchi ndiwe?"

"Ndi kukula kwake kumeneko."

"Njala imeneyi." Anaweramira pafoni n'kuwomba m'manja mwaulemu. "Muli bwanji, mayi? Ine ndine Sitefano, malume wake wa chigawengachi. Musaope."

"Sangakumveni."

"Wandiyang'ana."

"Amayang'ana aliyense. Ndinamulemba choncho."

"Wadya lero?"

"Sadya."

"Zaka zitatu?"

"Amalume, si munthu! Ndi zojambula! Ndinakhala pansi, n'kumuganiza, n'kumupatsa dzina, mawu, ngakhale kayendedwe!"

"Dzina ali nalo?"

"Inde."

"Amayankhula?"

"Inde."

"Amayenda?"

"Inde, koma..."

"Nanga ine ndili ndi chiyani choposa pamenepo?"

Foni inalira kuti batire yatsala pang'ono kutha, ndipo a Sitefano anailanda.

"Akulira! Ikazima amapita kuti?"

"Sapita kulikonse. Amangodikira."

"Mumdima? Mumgodi wogwa denga? Adalaivala! Muli ndi chingwe chotchajira? Muno muli munthu akukomoka!"

Chingwe chinayenda dzanja ndi dzanja kuchokera kutsogolo, ndipo mayi wa pawindo uja ndi amene anachilumikiza, akumuyang'ana Jobu ngati galu wakuba mazira.

Jobu ndi amalume ake anatsika pa Kadoma dzuwa lili pamutu, n'kuyenda wapansi kulowa ku Rimuka. Njira yonse a Sitefano anafungatira foni m'thumba la mkati la jekete, akumaiuza kuti apa pali dzenje, apa tikukhota. Atafika pa geti ya kwa Vimbai, Jobu anaona azakhali a mtsikanayo atandandalika pakhonde, nsapato za alendo zili mbwee pakhomo, ndipo Vimbai akusuzumira pakatani. Jobu anaganiza za amalume ake atagwada pamkeka, akufotokoza za denga, za khoma, za mwezi wamawa.

"Amalume," anatero mofatsa, "mwapambana. Mukangoti amakonza makompyuta."

"Aikona."

"Ndi mawu anu omwe aja!"

"Aja ndinanena ndisanadziwe kuti pali mwana wamasiye."

"Chonde, anthu akutiona. Ndinu nkhoswe yanga. Lowani mukandiyankhulire."

A Sitefano anavala chipewa, nasisita thumba la jekete, n'kutsegula geti okha.

"Iwe uli ndi pakamwa, mphwanga, kadzipezere wina. Ine ndalowa muno ngati nkhoswe ya Esime."