Bwanamkubwa Wosowa Womugonjera

Mayi Prisca Kamtengeni, mphunzitsi wa ku Ntcheu amene ankatsogolera gulu la zisudzo la alimi a mpunga ku Wovwe, atabwerako ku tchuthi anapeza kuti sewero lawo la pa chikondwerero cha ufulu lapotoka: bwanamkubwa wa ku Spain, amene ankayenera kugonja kwa omenyera ufulu a ku South America, anali kupambana nkhondo iliyonse. Anaitanitsa mwini gawo la bwanamkubwayo, bambo Hudson Mwakanema, ndipo analowa m'holo ya sukulu atavala zoyera za malipenga, lupanga lathabwa lili m'chiuno.

"Bambo Mwakanema, sewero ili ndinalemba ndekha," anayamba Prisca. "Don Anselmo amagonja pamtsinje, amagonja paphiri, kenako amapereka lupanga padoko. Chavuta n'chiyani?"

"Palibe chavuta, madamu. Pamtsinje ndinawina."

"Munawina bwanji?"

"Ndinangolowa."

"Nanga paphiri?"

"Pamenepo sindinalowe n'komwe. Ndinatsokomola kuseri kwa chitseko."

"Adani anatani?"

"Jenerale wawo anafunda chitenje kumutu n'kutulukira pawindo. Asilikali ake, poti ndi omvera, anamutsatira mpaka m'munda wa mpunga."

Prisca anakhala pa desiki. "Keziya? Keziya yemwe uja amakuwa mpaka malata kunjenjemera?"

"Yemweyo. Mwana woleredwa bwino."

"Akudwala?"

"Wakwatiwa. Inu muli kwanu ku Ntcheu, mwana wanga Bruce anamutenga. Ndi mpongozi wanga tsopano. Kuno kwa ife Ankhonde, mkazi wa mwana wako sakuyang'ana kumaso, sakhala nawe malo amodzi. Iwe ukatulukira, iye amapatuka."

"Ukwati wabwino. Koma m'seweromu si mpongozi wanu. Ndi Jenerale Ines."

"Jenerale ameneyo madzulo amaphikira Bruce."

"Amene amaphikayo ndi Keziya. Amene amamenya nkhondo ndi Ines."

"Eya. Ndiye mundionetse maso a Ines amene sali pankhope ya Keziya, ndiwayang'ana."

Prisca anapuma mozama. "Tamverani. Pa 6 Julaye kubwera akuluakulu a boma. Mukufuna ndiwaonetse atsamunda akupambana pa tsiku la ufulu? Ahedi anandiuza kale kuti tikachititsa sukulu manyazi, holo ino sitidzaipondanso. Gulu lathu lithera pomwepo."

"Ine kugonja ndikufuna, madamu. Mawu ndinaloweza." Anagwada bondo limodzi, nasolola lupanga. "'Landirani lupanga la mfumu yanga.' Mwaona? Sabata yonseyi ndakhala ndikuwanena kwa mpando."

"Mpando sunamasule dziko lililonse."

"Komanso suthawa."

"Nanga izi zili pachifuwa panu n'chiyani?"

Hudson anaimirira, nasisita zitsekerero za mabotolo zimene zinasokeredwa pa malaya ake. "Mamendulo. Munatiphunzitsa nokha kuti bwanamkubwa akapambana amalandira mendulo."

"Ndinkanena za amene ankapambana."

"Ndi ineyo. Anyamata akuti ndikapitiriza chonchi nditenga ndi Brazil yomwe."

"Brazil inali ya Apwitikizi."

"Nawonso ali ndi apongozi."

"Chabwino. Gawo lanu tipereka kwa mnzanu Fumbani."

"Aa, iyayi. Fumbani yunifolomu iyi siyimukwana. Ndiponso bwanamkubwa sachotsedwa ndi mphunzitsi, amachotsedwa ndi mfumu ya ku Spain. Zili m'sewero lanu, koyambirira."

"Ndiye tichotsa Keziya."

"Anthu anene kuti Mwakanema walanda mpongozi wake udindo ukwati usanathe ndi mwezi womwe? Mukufuna mayi ake a Bruce andithire madzi otentha?"

"Tikumangani nsalu kumaso."

"Ine sindidzamuona. Nanga iye?"

"Timumanganso."

"Majenerale awiri osaona, malupanga m'manja, akusakana pamaso pa a boma. Madamu, ku Wovwe chipatala chili patali."

"Muime chotembenuka, mumupatse lupanga chakumbuyo."

"Ine ndavina malipenga kuyambira ndili mnyamata, ndipo gulu lathu la malipenga silinaonetsepo mdani msana. Kugonja ndivomera. Kuthawa ayi."

"Koma Spain inathawa. Anakwera zombo n'kubwerera kwawo. Zimenezo si zopeka zanga, ndi mbiri."

"Spain inalibe anthu oidziwa m'gulu la oonera. Ine ndili nawo."

Prisca anavula magalasi, nawapukuta, nawavalanso. "Kunyumba mukafuna kumupatsa chinthu mumatani?"

"Ndimapatsa mayi ake a Bruce, iwo n'kumupatsira."

"Basi. Akazi anu alowe m'sewero, alandire lupanga, akapereke kwa Keziya."

Hudson anayang'ana kuchitseko, natsitsa mawu. "Iwo aja, lupanga lili m'manja, ine nditagwada, anthu akuwomba m'manja? Madamu, pamenepo sipadzakhalanso sewero."

Panja wina ankathamangitsa mbalame m'mpunga pomenya chitini. Prisca anayamba kujambula timizere pa bolodi ngati akuwerengera samu.

"Ndifunseko. Mukatulukira, iye amapatuka. Nanga mukamupeza ali kale pamalo, wakhala pansi, wakufulatirani, lichero la mpunga lili pamiyendo? Adzambatuke, mpunga utayike?"

"Iyayi. Pamenepo wopatuka ndine. Munthu wamkulu savutitsa mwana ali pa ntchito. Ndimatsokomola patali n'kudzera njira ina."

"Nthawi zonse?"

"Mwambo ndi mwambo."

"Ndiye tamverani nkhondo yathu. Sewero likamayamba, Keziya wakhala kale pamtsinje, akusankha mpunga. Inu mukubwera ndi asilikali anu. Mutani?"

"Ndilambalala. Ndipita kuphiri."

"Pofika kuphiri, mwamupeza wakhala kale."

"Wafikako bwanji msanga chotere?"

"Ndi jenerale. Mutani?"

"Nditsikira kudoko."

"Padoko wakhala pakati penipeni. Kumanzere kuli asilikali ake. Kumanja kuli chombo."

Hudson anayang'ana kumanzere, nayang'ana kumanja. Anakanda m'mutu ndi nsonga ya lupanga.

"Ndikwera chombo," anatero pang'onopang'ono. "Koma anthu sadzati ndathawa?"

"Adzati bambo Mwakanema amadziwa mwambo. A boma adzaona Spain ikupita. Aliyense adzaona zake."

"Lupanga?"

"Mulisiya pansi, atola yekha mukachoka."

"Monga ndimachitira ndi makiyi a njinga."

"Ndendende."

Hudson anakhala pa benchi ya ana, mawondo ali m'mwamba. Sanaseke. Prisca, amene ankayembekezera kuyamikiridwa, anamuyang'ana modabwa.

"Simukukondwa? Mwambo wasungika, mbiri yasungika, holo yapulumuka."

"Nzeru imeneyi mwaitenga kwa Keziya?"

"Ayi, ndaiganiza pompano."

"Iye anaiganiza kale. Anayamba ndi kukhitchini, ndinati n'kwake. Kenako anakhala pakhonde ndi lichero, pomwe pamakhala mpando wanga. Ndinasamukira pansi pa mango. Lamulungu lapitali ndinamupeza pansi pa mango akusenda chinangwa. Wailesi yanga ili pomwepo mpaka lero, ndimaimvera kuseri kwa khola."

"Pepani."

"Inu mumaganiza kuti ndimafika pano ena onse asanabwere chifukwa chokonda Spain? Madamu, South America ndiye dziko lokhalo limene linanditsalira."

Prisca asanayankhe, kunja kunamveka phokoso la mpunga ukupetedwa. Onse awiri anasuzumira. Pakhomo la holo, khomo lokhalo, panali patakhala mtsikana wofunda chitenje, atawafulatira, lichero lili pamiyendo. Anabwera kudzayeserera sewero, ndipo atamva mawu a apongozi ake m'katimo, anakhala pansi mwaulemu kudikira kuti atuluke.

Hudson anatsokomola. Lichero linaima pang'ono, kenako linapitiriza.

Anamasula lupanga, naliika pansi bwinobwino, nakokera benchi pansi pa windo. Atatulutsa mwendo umodzi, mamendulo akulira pachifuwa, anacheuka.

"Madamu, chombo chija muchipange chachikulu. Ndikufuna ndizigonamo."