Zikopa za Che Selemani

Moni kwa nonse amene mumawerenga pano, a kuno ku Milange ndi a kutsidya kwa Ruo. Dzina langa ndine Joakimu, wosema ng'oma wa kuseri kwa msika. Ndikulemba ndi dzanja lamanzere, choncho mundipirire. Ndikufuna ndikuuzeni mmene ndinatsalira pang'ono kulekana ndi ana anga awiri, mkazi wanga atamwalira ndiponso dzanja langa lamanja litafa, ndi mmene Mulungu anadzera kumene ine sindinkayang'anako.

Kwathu kwenikweni ndi ku Molumbo, koma ndinachokako ndili wamng'ono, nthawi ya nkhondo. Kusema ng'oma ndinaphunzira ku kampu ya othawa nkhondo ku Malawi, ndipo kumeneko ndi kumene ndinadziwana ndi Zakariya, amene ankaimba ng'oma ya tchopa mpaka amayi kuiwala ndowa zawo pamjigo. Mtendere utabwera ndinamutsatira kuno, ndipo patapita zaka ndinakwatira mlongo wake, Selestina. Monga mwa mwambo wathu, ndinamanga nyumba kwawo kwa mkazi. Ndinali mkamwini pamalo a eni ake, koma zaka zonsezo palibe amene anandikumbutsa. Ana anachedwa kubwera, kenako Mulungu anatipatsa Rozita ndi Luwiza.

Selestina sanadwale nthawi yaitali. Anatisiya mvula ikuyamba, ndipo tisanakolole ine ndinagwa. Ndinali kusema chipika m'mawa, kasemasema kanangopulumuka m'manja. Ndinawerama kuti nditole, dzanja silinapite. Kuchipatala anandiuza kuti magazi anathamanga kwambiri n'kupha mbali imodzi. Mwendo unabwerera pang'onopang'ono moti ndimayenda ndi ndodo, koma dzanja linangotsala lolendewera.

Amene sanakungepo ng'oma sangadziwe chimene chinatha pamenepo. Chikopa umachiviika, n'kuchiyala pakamwa pa chipika chikadali chonyowa, kenako dzanja lina limakoka pamene lina likukhoma chikhomo. Ukakoka mbali imodzi mopyola, ng'oma imauma yopotoka ndipo mawu ake sakonzekanso. Ndi dzanja limodzi palibe chimene ungachite. A m'makapela, matchalitchi ang'onoang'ono a m'midzi, amene ankabwera kudzafuna ng'oma anabwera kudzandizonda, anandipempherera, ndipo sanabwerenso.

Kwa amene sadziwa mwambo wathu ndifotokoze. Mkazi akamwalira, abale ake amadikira nthawi ya maliro ithe, kenako amasudzula mwamunayo, ndiye kuti kumumasula kuti abwerere kwawo. Ana satsatira bambo. Iwo ndi a kuchikazi, ndipo mwini wawo ndi malume. Mkamwini amene akutha kudyetsa ana ake nthawi zina amamusiya akhale, koma zimenezo amagamula ndi malumeyo. Malume wa ana anga ndi Zakariya. Ku Molumbo ndinalibe munda kapena nyumba, kunali msuweni mmodzi amene ngakhale titakumana panjira sitingapatsane moni. Koma chimene chinkandidya mtima si njala ya kumeneko. Ndinkaopa kukakhala kumene sindidzamva Luwiza akukangana ndi mkulu wake za amene atsuke mbale.

Pemphero langa linali limodzi lokha. Sindinapemphe chakudya kapena chifundo cha alamu anga, ndinapempha dzanja. M'mawa uliwonse ndinkaliika pabondo n'kuuza zala kuti zigwedezeke. Sizinagwedezeke.

Amalonda a mumsika wathu ali ndi chizolowezi chosonkha zinthu kuthandiza okalamba ndi ana amasiye. Amene amawatsogolera ndi Dona Madalena, mwini sitolo yogulitsa makapulana, ndiye kuti zitenje, ndi sopo, mayi wamtima wabwino koma wosadziwa kuchita chinthu mwakachetechete. Atamva za ine kutchalitchi, anabwera Loweruka masana ndi thumba la chimanga panjinga, mafuta ndi sopo, amayi a mumsika ali pambuyo akuimba, wina akujambula ndi foni. Kuti afike pakhomo panga anayenera kudutsa pakati pa nyumba zonse za abale a Selestina. Ine ndinathokoza, ana anasangalala, alendo anapita. Abale a mkazi wanga anaonerera zonse ali chilili pamakhonde awo, ndipo palibe ngakhale mmodzi amene anasendera.

Dzuwa lisanalowe Zakariya anafika. Mpando anaukana.

"Alamu, mwatiyalutsa," anatero. "Msika wonse ukudziwa tsopano kuti ana a mlongo wanga akudyetsedwa ndi alendo, ngati malume wawo anafa. Idyani chimanga chanucho. Chikatha tikusudzulani."

Mpaka lero sindimuimba mlandu. Iye ali ndi ana ake, ndipo manyazi amene anamva anali enieni. Koma kuyambira tsiku limenelo thumba lija linasanduka chinthu china m'nyumba mwanga. Rozita akatapa chimanga kupita kuchigayo, ine ndinkayang'ana pamene pafika khosi la thumba. Ndinayamba kudya pang'ono, ndikunamizira kuti mankhwala andichotsera chilakolako. Kutchalitchi ndinasiya kupita, chifukwa ng'oma zimene zinkalira kumeneko zinali zanga ndipo sindinkafuna kuzimva. Kupemphera sindinasiye, koma ndinkangotchula mawu ngati munthu amene akugogoda pakhomo podziwa kuti eni ake anasamuka.

Thumba litafika pakati, kunabwera Che Selemani. Iwowa ndi Msilamu wopha mbuzi mumsika, ndipo zaka zonse ndinkagula zikopa kwa iwo tikukangana. Ankasenda ndi mpeni mothamanga kuti ogula asathawe, chikopa n'kutuluka ndi timabowo, ine n'kuwatcha owononga zikopa, iwo n'kunditcha mlamu wa mbuzi zakufa. Ubwenzi wathu unkathera pomwepo. Tsiku limenelo anabwera okha, opanda nyimbo, atakwapatira chikopa chothira mchere. Anachiyala pansi n'kundiuza kuti ndifunefune bowo. Ndinachikweza kudzuwa, bowo panalibe.

"Ndasenda ndi chibakera, mpeni sunakhudze," anatero. "Ogula ena atopa kudikira, apita kwa anzanga. Ndiye musandiuze kuti ndavutika pachabe."

Ndinawaonetsa dzanja langa n'kuwafunsa kuti chikopacho ndichita nacho chiyani.

"Manja ndabwera nawo ine, awiri. Inu khutu linafa?"

Ndinawakumbutsa kuti ng'oma zanga zambiri zimakalira m'tchalitchi. Anaseka. "Mbuzi ndaipha mwa Chisilamu. Ikakalirira kwa Akatolika, ndi zake zimenezo."

Pambuyo pake ndinamva mmene zinayendera. Nkhani ya thumba inali itafika mumsika, ndipo Che Selemani anapita kusitolo kwa Dona Madalena kukawauza pamaso pa ogula kuti mphatso yawo ikuthamangitsa munthu pamudzi. Dona anakwiya, anakhala osawalankhula mpaka tsiku lotsatira, kenako anaitanitsa anzawo a komiti. Chaka chilichonse amalondawa amakonza tsiku limene magulu a magule, makwaya ndi a zisudzo amasewera pabwalo la msika, ndipo zimene anthu aponya zimapita kwa okalamba. Ng'oma za tsikulo ankabwereka kutsidya ku Muloza, ndipo chaka chilichonse pankakhala mkangano wa ng'oma yobwezedwa itang'ambika. Dona anati basi, tsopano akhale ndi zawozawo, ndipo wozisema akhale Joakimu. Anabwera kudzandiuza okha, moyenda pansi, n'kunena kuti iyi si mphatso koma ntchito, ndipo ikakhala yoipa adzaikana.

A sekeretariyo a bairo lathu, amene ali ngati amfumu a dera lino, anatipatsa chisakasa chakale pafupi ndi msika. Mwini malo ocheka matabwa anapereka zipika, ndipo mmisiri wake ankazigoba ine ndikuloza ndi ndodo. Zokoka zikopa zinagwera anthu onyamula katundu pamalire, amene ankabwera pamalirepo pakakhala zii, Dona n'kumawapatsa kangachepe ndi tiyi. Anali amuna amphamvu, ozolowera matumba a simenti, ndipo ankakoka chikopa momwemo. Choyamba anang'amba. Che Selemani anatukwana m'Chiyao, mawa lake anabweretsa china. Ng'oma yathu yoyamba itauma inalira ngati beseni lakale. Yachiwiri inali bwinoko, koma sinali yoti ndingaionetse kwa Dona.

Ntchito inali kuyenda, koma thumba silinadikire. Tsiku lina Rozita analikutumula pabwalo, nkhuku zinatola zotsala, ndipo analipinda n'kuliika pampando wanga. Ndinaikamo malaya anga, buku la mapemphero ndi kasemasema.

Zakariya anandipeza kuchisakasa. Anabwera kudzandiuza kuti wagwirizana ndi mwini galimoto yopita ku Molumbo, ndipo mwambo uchitika Loweruka. Anatipeza tikukunga ng'oma yaikulu, wonyamula katundu wina akukoka, ine ndikusisita chikopa ndi dzanja lamanzere kufuna pamene palenda. Chimwalirireni mlongo wake, Zakariya anali asanakhudze ng'oma. Anaima pakhomo nthawi ndithu, kenako anatsonya.

"Iwe, ukukoka ngati ukutsitsa katundu. Tachokapo apo."

Anakhala pansi, anapana chipika ndi mawondo n'kugwira chikopa. Ine ndinkagogoda ndi chala n'kunena kuti apa, ndipo ndisanamalize iye anali atakoka kale. Che Selemani ankakhoma zikhomo. Umu ndi mmene ine ndi Zakariya tinkachitira ku kampu, ndipo manja ake sanaiwale. Titamaliza anapukuta manja pabuluku, ananena mawu amene anabwerera, kuti Loweruka ndikhale wokonzeka, n'kutuluka. Ng'omayo tinaiika pamthunzi kuti iume.

Loweruka m'mawa ndinali kumanga pakamwa pa thumba ndi mano ndi dzanja limodzi, ana akusuzumira kuseri kwa chitseko. Pamenepo ndinamva ng'oma kuchokera kumsika. Wosema amadziwa ng'oma yake ngakhale sanaimvepo, ndipo woimbayo ndinamudziwanso. Wina anali ataiwamba pamoto, ndipo mawu ake anali athunthu, osapotoka mbali iliyonse. Inalira kanthawi kenako inasiya. Ndinamaliza kumanga thumba n'kupita nalo pabwalo pamene abale anasonkhana.

Zakariya anafika mochedwa, manja ali ndi phulusa. Mwambo unachitika wonse monga uyenera, ndipo anandiuza pamaso pa onse kuti ndine womasuka. Ndinawerama kuti ndinyamule thumba, iye analipondapo.

"Mwambo tachita, alamu," anatero. "Koma kuchisakasa kuja ndaona zipika zikudikira zikopa. Mukapita ku Molumbo, azindiuza ndani pokoka?"

Kenako anatembenukira abale. "Munthu amene amalonda akumufuna pantchito si wopemphetsa. Tamusudzula ngati mwamuna wa mlongo wathu. Ngati bambo wa anawa sitinamusudzule."

Azakhali ena anang'ung'udza, iye anawakumbutsa kuti mwini mbumba ndi ndani, nkhani inathera pomwepo. Ine sindinalire pagulu. Ndinalira nditalowa m'nyumba, Luwiza akutulutsa malaya anga m'thumba n'kumandidzudzula kuti ndinawapinda moipa.

Tsiku la amalonda linafika, ng'oma zinalira, ndipo Dona Madalena sanakane ngakhale imodzi. Zakariya anaimbira a tchopa mpaka malaya kunyowa. Zimene anthu anaponya zinapita kwa okalamba monga mwa nthawi zonse, koma tsopano Dona asanatumize kanthu pakhomo pa munthu amayamba watuma wina kukafunsa abale ake, ndipo amayi oimba amatsala kumsika. A m'makapela ayambanso kubwera, ena kuchokera kutsidya.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero langa n'kuliyankha mwa njira yake. Ndikuthokoza Dona Madalena, amene analakwitsa ndi mtima wabwino ndipo sanachite manyazi kukonza. Ndikuthokoza a sekeretariyo, a matabwa ndi amuna a pamalire. Ndikuthokoza Che Selemani, amene mpaka lero amasenda mbuzi zina ndi chibakera, ogula akudandaula, ndipo akadanditchabe mlamu wa mbuzi zakufa. Kwa inu amene muli ndi masitolo ndi maudindo, musatope kuthandiza, koma muziyamba mwafunsa munthuyo chimene akuopa kutaya. Ndipo kwa inu amene mukuyang'ana thumba lanu likutsika, musaleke kupemphera, ngakhale mawu atakhala ouma ngati mmene analili anga. Wodzakuthandizani mwina ndi amene mumakangana naye tsiku ndi tsiku.

Ena amandifunsa ngati ndinachira. Dzanja likadali lolendewera, ndipo adokotala sanandilonjeze kanthu. M'mawa ndimaliikabe pabondo n'kuuza zala kuti zigwedezeke, ndipo sizigwedezeka. Kenako Rozita amandimangira mabatani, Luwiza amandipatsa ndodo, ine n'kukoleka thumba lija paphewa kupita kumsika kukatenga zikopa. Madzulo ndimabwerera kunyumba, kumene ana anga amakhala akukangana za mbale.