Ufa woyera wa m'mbale ya achimwene

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1961, mwana wachisamba m'banja la ana asanu. Ine amene ndikuwerenga mbiriyi ndine mng'ono wawo, mzime.

Anayamba sukulu mu 1968, ndipo mu 1984 anamaliza maphunziro a sayansi kuyunivesite. Mu 1986 anayamba kuphunzitsa anamwino za mmene thupi limagayira chakudya. Inu amene munadutsa m'manja mwawo mukukumbukira kuti ankakutafunitsani buledi mpaka ayambe kutsekemera, kuti mudzimvere nokha ntchito ya maenzayimu, timadzi tija timene timaphwanya chakudya m'thupi. Kunyumba nakonso sitinkapuma. Ukangochulutsa mafuta m'ndiwo, basi phunziro layamba, chakudya n'kumazizira.

Mu 1990 anamanga banja ndi alamu athu, amene ndi telala, ndipo Mulungu anawadalitsa ndi ana atatu.

Mu 2021 malemu anayamba kuwonda. Apa ndikupempha mutchere khutu, chifukwa manong'onong'o amene akuyenda pamaliro pano ndawamva, ndipo andipweteka mtima. Akuti alamu ankawaphikira amuna awo m'kapoto kapadera. Akutinso wina anasuzumira pawindo la khitchini n'kuona alamu akuwaza ufa woyera m'mbale ya wodwala. Zonsezi n'zoona. Chimene wosuzumirayo sanachite ndi kufunsa.

Kapamba wa achimwene anali atasiya kutulutsa lipezi, enzayimu imene imagaya mafuta. Mafuta ankangodutsa m'mimba osagayika, thupi osapindula kanthu. Adokotala anawalembera makapisozi a enzayimu yomweyo, akumwa pa chakudya chilichonse. Kumeza kutayamba kuvuta, adokotala anauza alamu, ine ndili pomwepo, kuti azitsegula makapisoziwo n'kuwaza pachakudya chofewa chimene chazizira, poti kutentha kumaononga enzayimu. Ufa uja ndi umenewo, ndipo kapoto kaja kanali kophikira chakudya chofewacho. Koma malemu, munthu wosunga ulemu wake, anatiletsa kutchula za kutsegula m'mimba kumene ankavutika nako. Alamu anatseka pakamwa zaka zitatu, anthu akuwanena kuti akupha mwamuna wawo pang'onopang'ono.

Tsono nanenso ndili ndi mafunso anga. Amene anafika mpaka pawindo, chinawaletsa n'chiyani kulowa pakhomo kudzazonda wodwala? Kuchipatala sitinawaone ngakhale kamodzi. Koma dzulo, thupi lisanafike n'komwe, anali atayamba kale kufunsa kumene kuli makiyi a kuchipinda ndi a galimoto. Mphekesera imeneyi ikupindulira ndani alamu akachoka panyumba pano? Sinditchula munthu, koma a pabanja maso tili nawo.

Achimwene anatisiya pa 14 Juni 2024 ali kuchipatala. Asiya mkazi, ana atatu, zidzukulu zinayi ndi abale awo anayi.

Tikuthokoza adokotala ndi anamwino, ena mwa iwo ophunzira a malemu, komanso anansi amene ankatithandiza kunyamula wodwala. Koposa onse tikuthokoza alamu, amene chifikire thupi akhala okhaokha kuseri kwa nyumba poopa maso anu. A mwambo, mutikhululukire, bokosi silinyamuka mpando wawo uli wopanda munthu. Ana inu, pitani mukatenge amayi anu adzakhale pafupi ndi amuna awo.

Achimwene, mzimu wanu uuse mumtendere.