Ndinaloza Tabuleti Chifukwa cha Manyazi

Pepani omvera nonse, ine sindinazolowere kulembera wailesi, koma nkhaniyi ikundisowetsa mtendere.

Nditapeza malo kukoleji, amalume anga, omwe ndi msodzi ku Mbenji, ananditengera kusitolo ku Salima kuti andigulire chophunzirira. Wogulitsa anatulutsa laputopu ndi tabuleti.

"Sankha, mphwanga," anatero amalume.

Aphunzitsi anali atatiuza kuti tigule laputopu, koma kwathu mwana saloza chachikulu pamaso pa akulu. Ndinaloza tabuleti poganiza kuti kakang'ono n'kotchipa. Amalume anakanong'onezana ndi wogulitsa uja, ndipo patapita masiku awiri anandibweretsera.

Kukoleji pulogalamu ya maphunziro athu inakana kulowamo. Nditapita kukawauza amalume, ndinapeza bwato lawo lili pamtunda. Akazi awo anandiuza kuti, "Kanthu kako kaja kanali kodula kuposa laputopu. Anagulitsa ukonde."

Amalume atafika, ndinagwada n'kuulula zonse.

"Iwe!" anatero amalume atagwira mutu. "Ine ndimati ndi kamene asukulu akufuna. Ndikanafunsa, ukanati ndikudandaula mtengo."

Lachisanu lapitali tinagulitsa tabuletiyo motchipa n'kugula laputopu yakale. Bwato likadali pamtunda.