Ndinapempha Mfuti, Mulungu Anandipatsa ya Mpweya

Abale anga mwa Ambuye, landirani moni kuchokera kuno ku Middlesbrough. Ine sindidziwa kukometsa mawu, ndingonena momwe zinalili. Ndinatsala pang'ono kuthera m'ndende, banja langa n'kuthamangitsidwa m'dziko muno, chifukwa cha mantha ndi mkwiyo.

Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba m'nyumba zawo. Tsiku lina masanasana, ndikudikira basi, anyamata ena anandigwetsa pansi n'kundiponda mpaka dzino kuguluka. Anthu ankangodutsa. Apolisi anabwera, koma palibe anagwidwa. Kuyambira pamenepo ndinasanduka munthu wina. Wina akangoyenda kumbuyo kwanga, thukuta kamukamu. Ndinayamba kuyenda ndi mpeni m'chikwama cha kuntchito, ndikudziwa bwinobwino kuti kuno akakupeza nawo, ntchito yatha, viza yatha. Mkazi wanga anandigwadira akulira: "Bambo a Tadala, amene mutiphe ndinu, osati anyamata aja." Ndinamukalipira mpaka ana anathawira kuchipinda. Kutchalitchi ndinkangokhala duu, nyimbo osalowa. Pemphero langa linali limodzi, lonyansa: Ambuye, ndipatseni mfuti.

Amene anauona mpeniwo ndi a Derek, agogo achizungu amene ndimawasambitsa m'mawa. Ndikutulutsa magolovesi, mpeni unagwera pansi, pamaso pawo. Akanangoimbira ku ofesi, zanga zikanathera pomwepo. Anauyang'ana, anandiyang'ana, n'kunena kuti, "Uwu utsala kuno. Loweruka undiperekeze ku kalabu yathu."

Inali kalabu ya mpikisano wowombera. Kuno mfuti zenizeni za m'manja n'zoletsedwa, ndiye amagwiritsa ntchito za mpweya, zotulutsa timipira ting'onoting'ono. Ndinakwiya. Munthu wamkulu ngati ine, wopanda dzino, andipatse chidole? Koma ndinalibe pothawira.

Masewera ake ali chonchi. Kabelu kakalira, umathamanga uku ukuwombera makatoni abulauni, nthawi ikuwerengedwa. Pakati pake amaikapo oyera, oimira anthu osalakwa. Ukawombera oyerawo, wataya. Ulendo woyamba, kabelu katangolira, maso anachita mdima, ndinawombera chilichonse chomwe chinaima kutsogolo kwanga. Woyang'anira anandiimitsa pakati. A Derek, ali pa njinga yawo ya olumala, anaseka mpaka kutsokomola: "Wamaliza msewu wonse, ndi odutsa omwe!" Ndinaponya chipewa pansi n'kutuluka. Panja ndinalira, abale, chifukwa ndinaona chimene mpeni uja ukanachita m'manja mwanga.

Ndinabwereranso Loweruka linalo, ndi linanso. Miyezi inapita. Chimene mpikisano umaphunzitsa si kuwombera ayi. Umazoloweretsa thupi kuti mtima ukamagunda ngati utuluka, anthu akukuyang'ana, nthawi ikutha, maso ndiwo ayambe, manja adikire. Zimenezi sungaphunzire uli phee pampando.

Ndiye tsiku lina, ndili pa siteji ya basi yomwe ija, wina anandimbwandira kumbuyo. Anakoka chikwama mwamphamvu mpaka lamba wake kundikanyanga pakhosi. Ndinati anyamata aja abweranso. Chigongono chinali chitakwera kale, mphamvu zanga zonse zili mmenemo. Koma mutu unayamba kutembenuka wokha, mwachizolowezi, ndipo ndinayang'ana kaye.

Anali mayi wokalamba, nkhope itapotokera mbali imodzi. Sitiroko inawagwira ali chiimire, ndipo pogwa anangogwira chomwe chinali pafupi. Ndinawawakha, kuwagoneka bwino, n'kuitana ambulasi. Itapita, ndinakhala pansi pompo. Chigongono chija chikanawapeza, ndi thupi langali, mayiwo sakanadzukanso. Ndipo kamera ya pasiteji ikanaonetsa chiyani? Munthu wakuda akumenya gogo wachizungu. Ndani akanamva zoti ndinali ndi mantha?

Sindikunamizani kuti zonse zatha. Mantha amabwerabe, mkwiyo ulipobe, ndipo pa mpikisano ndimakhala wa kumapeto pafupifupi nthawi zonse. Koma ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero loipa n'kuliyankha mwachifundo. Ndikuthokozanso a Derek, ndi mkazi wanga amene sanatope nane.

Inu amene munamenyedwa, kapena mukutukwanidwa m'misewu ya kuno, musafe nazo mumtima ngati mmene ndinachitira ine. Uzani munthu. Pitirizani kupemphera, ngakhale pemphero lituluke lokhota. Mayi aja ali moyo, ndinakawaona kuchipatala. Ana anga ali kusukulu, ndipo mawa m'mawa ine ndili kuntchito. Ambuye alemekezeke.